Manja Amene Anakuza Chipatala cha Gulupu

Pamene chipatala cha Queen Elizabeth, chimene anthu a ku Blantyre amachitcha Gulupu kufikira lero, chinatsegula zitseko zake m'chaka cha 1958, mzinda unali waung'ono. Koma popeza odwala anadza kuchokera ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Chigwa cha Shire, mabedi anachepa msanga, ndipo ambiri anagona pansi, pa mphasa, monga akuchitirabe m'zipinda zina.

Mutu umodzi susenza denga, anatero makolo. Mu 2017 pa chipatalachi panatsegulidwa nyumba ya Mercy James, yomangidwa ndi chuma chimene Madonna anasonkhanitsa kudzera m'bungwe la Raising Malawi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'dziko muno ana odwala mwakayakaya anapeza chipinda chawochawo cha chisamaliro chapadera, pafupi ndi pochitira opaleshoni. Mphatso yotere tiilandira ndi manja awiri.

Komatu mtima wanga umakhala kwambiri pa opereka ena, amene maina awo sanalembedwe pakhoma lililonse: amayi a Mvano, ovala malaya oyera ndi duku, amene asonkherana timakobidi pa msonkhano wawo, nagula sopo, shuga ndi ufa, nazisenza pamutu kulowa nazo m'wodi, napemphera pambali pa mlendo amene sadzamuonanso. Chopereka chawo chifanana ndi cha mkazi wamasiye uja wa m'Uthenga Wabwino, pakuti achotsa pa kusowa kwawo.

Inu amene Chauta wakudalitsani ndi chuma m'dziko lino, mawodi a Gulupu akudikirabe dzanja lanu.