Ngozi ya ndege ya ku Chikangawa ya 2024

Ngozi ya ndege ya ku Chikangawa inachitika pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali a dziko la Malawi inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, kumpoto kwa dzikoli. Anthu onse asanu ndi anayi omwe anali m'ndegeyo anamwalira. Ena mwa iwo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, ndi Patricia Shanil Dzimbiri, yemwe kale anali mayi wa fuko.

Ndegeyo

Dziko la Malawi lilibe ndege zomenyera nkhondo. Ndege za asilikali ake ndi zonyamula anthu ndi katundu. Yomwe inagwayi inali ya mtundu wa Dornier 228, ya mainjini awiri, yopangidwa ku Germany, ndipo nambala yake inali MAF-T03. Asilikali anailandira mu 1988, choncho inali itagwira ntchito zaka pafupifupi 36.

Ulendo ndi ngozi

Ndegeyo inanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe nthawi ya 9:17 m'mawa, kupita ku Mzuzu. Anthuwo ankapita ku maliro a Ralph Kasambara, yemwe anakhalapo nduna ya zachilungamo, m'boma la Nkhata Bay. Kumpotoko nyengo sinali bwino, ndipo mitambo ndi chifunga zinali zitaphimba mapiri a Viphya. Ndegeyo sinafike ku Mzuzu. Zibenthu zake zinapezeka tsiku lotsatira, pa 11 Juni.

Boma linalamula masiku 21 okhuza maliro. Mwambo wa boma unachitikira pa bwalo la masewero la Bingu pa 16 Juni. Tsiku lomwelo thupi la Chilima linanyamulidwa pa msewu wa M1, kudutsa ku Dedza, mpaka kwawo ku Nsipe m'boma la Ntcheu, komwe anaikidwa m'manda pa 17 Juni.

Kafukufuku

Bungwe la BFU, lofufuza ngozi za ndege ku Germany, linatulutsa lipoti loyamba mu Ogasiti 2024. Lipotilo linati ndegeyo inalibe makina ojambula mawu a oyendetsa kapena osunga mbiri ya ulendo, omwe ambiri amawatchula kuti black box. Chipangizo cholozera pomwe ndege yagwera chinalipo, koma batire lake linatha ntchito mu 2004. Akatswiriwo anadziwa njira yomwe ndege inadutsa pogwiritsa ntchito GPS yomwe inapezeka pa malo a ngoziyo.

Komiti yomwe Pulezidenti Lazarus Chakwera anaikhazikitsa, motsogozedwa ndi woweruza milandu Jabbar Alide, inalengeza mu Disembala 2024 kuti sinapeze umboni wa chiwembu. Lipoti lomaliza la BFU, la mu Juni 2025, linati oyendetsa anapitiriza kuuluka chapansi m'nyengo yoti sankaona patsogolo, mpaka ndege inawomba phiri.

Nkhani ya ndege zakale

Malipotiwa sananene kuti kukalamba kwa ndege ndiko kunachititsa ngoziyo. Ndege yakale imatha kuuluka bwinobwino ikamakonzedwa pa nthawi yake. Chomwe anaonetsa n'chakuti zipangizo za chitetezo zinali zosakwanira. Izi zinavutitsa ofunafuna ndegeyo ndiponso ofufuza, chifukwa zomwe oyendetsa ankakambirana mphindi zomaliza sizinajambulidwe.

Ngozi yofanana nayo inachitika pa 27 Epulo 1993, pamene ndege ya asilikali a dziko la Zambia, ya mtundu wa DHC-5 Buffalo, inagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon. Anthu onse 30 anamwalira, ndipo 18 mwa iwo anali osewera mpira a timu ya dziko la Zambia.