Mwana Wamkazi wa ku Holkham

Pa 2 June 1953, pamene Mfumukazi Elizabeth Waciwiri anabvekedwa cisoti caufumu ku Westminster, anamwali asanu ndi mmodzi ananyamula mwinjiro wace wautali. Mmodzi wa iwo anali Lady Anne Coke, wa zaka 20, mwana woyamba wa mfumu yaing'ono ya Angelezi yochedwa Earl of Leicester.

Banja limeneli linali la pa bwalo la mafumu kuyambira kale. Atate wace anatumikira Mfumu George Wacisanu ndi Cimodzi isanalowe ufumu, ndipo amai wace anatumikira Mfumukazi Elizabeth kuyambira 1953 kufikira 1973. Nyumba yao yaikuru ya Holkham, m'dziko la Norfolk, iri pafupi ndi Sandringham, mudzi wa mafumu. Cotero Anne ali mwana ankasewera ndi Elizabeth ndi mng'ono wace Margaret.

Koma m'nyumbamo munali bvuto. Anabadwa ana akazi okhaokha atatu, ndipo lamulo la banjalo linali lakuti dzina, nyumba ndi minda zipite kwa mwamuna wa ku cimuna. Acewa ndi Amang'anja adzaona kuti izi nzodabwitsa, pakuti kwao mwana wamkazi ndiye tsinde la pfuko, ndipo dzina limalowedwa ndi mwana wa mlongo wa mfumu. Ngakhale adzukulu a anthu a ku Nyasaland amene anakhazikika pa migodi ya ku Kadoma ndi Chegutu, pakati pa Mashona otsata ku cimuna, amaidziwa milandu yobuka pamene malamulo awiriwa akomana pa maliro. Kwa Angelezi a mtundu wa Anne panalibe mlandu wozenga: iye anali woyamba kubadwa, koma sanawerengedwe.

Atate wace atamwalira m'caka ca 1976, dzina linagwera mbale wao Anthony Coke, amene anapita ku Afrika ali mnyamata ndi kukhala komweko. Mwana wa Anthony, dzina lace Edward, anabadwira ku Southern Rhodesia, dziko limene lero lichedwa Zimbabwe, m'caka ca 1936. Ndiye anasunga Holkham, nalowa dzina m'caka ca 1994. Tsono nyumba imene mwana wa mwini wace anamanidwa inapita kwa mwana wobadwira kuno.

Anne anakwatiwa ndi Colin Tennant m'caka ca 1956, munthu wacuma koma wa mtima wapacala. Iyeyu anagula cisumbu ca Mustique mu 1958, napatsako Margaret malo ngati mphatso ya ukwati. Mu 1971 Margaret anaitana bwenzi lace la paubwana kuti likhale womperekeza, nchito imene Anne anaigwira kufikira imfa ya Margaret mu 2002. Nchitoyi siinali yophika kapena yosesa. Womperekeza amayankha makalata, amayenda pambuyo pa mbuye wace pa maulendo, naona kuti alendo alandiridwa bwino. Koposa zonse amasunga pakamwa. Mu 1981 anafika naye ku Swaziland, pamene Mfumu Sobhuza inakwanitsa zaka 60 pa ufumu.

Ulemu wonsewo sunamchinjirize ku misozi. Mwa ana ace asanu, aamuna anali atatu. Wamng'ono anabvulala koopsya pa njinga yamoto mu 1987, nagona cikomokere miyezi ingapo, amai ace akumdwazika kufikira anatsitsimuka. Waciwiri anamwalira ndi Edzi mu 1990, masiku amene anthu ankaopa ngakhale kugwira dzanja la wodwala nthendayo. Margaret sanaope, ankamkumbatira monga kale. Woyamba anamwalira mu 1996. Ndipo mwamuna wace, amene anali atalowa dzina la Lord Glenconner mu 1983, pomwalira mu 2010 anasiyira cuma cace wanchito wace, osati mkazi amene anakhala naye zaka 54.

Atafika zaka 87, mu 2019, Anne anaturutsa buku la mbiri ya moyo wace, lochedwa Lady in Waiting, ndipo linagulidwa kwambiri.