Agalu a ku Istanbul ndi cisumbu ca miyala

Mu 1910, akuluakulu a Istanbul anafuna kuti mzinda wao uoneke wamakono ngati mizinda ya ku Ulaya. Agalu a m'misewu, amene anthu anali kuwadyetsa kwa zaka mazana, anasanduka cocititsa manyazi. Anawagwira zikwizikwi, kuwalonga m'maboti ndi kukawataya pa Sivriada, kacisumbu ka miyala pa nyanja ya Marmara. Ambiri anafa ndi njala ndi ludzu, ena anafika podyana. Civomezi citagwedeza deralo mu 1912, anthu ena anati n'cilango ca nkhanza imeneyo.

Agalu sanathe iyayi. Otsala anaswana, misewu inadzalanso. Ife a m'makomboni izi tizidziwa: kanselo ikawombera agalu poopa ciwewe timati zatha, koma tiana ta agalu tikupitiriza kugawana cabe, palibe wofunsa za katemera.

Mu 2004 Turkey inasintha njira: gwira galu, m'tseke kuti asabale, m'baye katemera, m'bweze kumene unam'peza. Ndiye cifukwa cake agalu a ku Istanbul amaoneka ndi kacizindikilo pakhutu. Koma lamulo la mu 2024 linati onse apite m'malo osungira, ndipo olusa kapena odwala kwambiri akhoza kuphedwa. Anthu anatuluka m'misewu kutsutsa.