Trapnell, mzungu amene anaphunzira nthaka kwa alimi

Mlimi wa ku Lundazi akafuna kuswa mphanje amayamba wayang'ana mitengo. Pamene pamera mithethe ndi udzu wautali, amadziwa kuti chimanga chidzachita bwino. Pamene padzaza misuku amapalambalala, poti nthaka yake imakhala yoguga ndi yamiyala. Nzeru imeneyi inalowa m'mabuku a sayansi kudzera mwa Colin Trapnell, katswiri wa zomera wa ku England amene anabadwa mu 1907.

Ku Oxford iye anaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Za zomera ankangozikonda pambali, koma mu 1928 anapita nawo ku Greenland kukafufuza zomera za kumalo ozizirawo, ndipo basi anakhazikika pa ntchitoyo. Boma la atsamunda litamutumiza ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, anayendera dzikolo kuyambira 1932 mpaka 1943, nthawi zambiri wapansi, katundu ali pamitu pa amtengatenga. Akafika pamudzi ankakumba dothi, kuthyola masamba n'kuwapanikiza pakati pa mapepala kuti aume, kenako n'kukhala pansi ndi akuluakulu. Mtengo uwu dzina lake n'chiyani? Munda mumaulima zaka zingati musanaugoneke? Mayankho onse ankalowa m'kabuku.

Lipoti lake la chigawo cha kumpoto chakum'mawa, kumene kuli Lundazi, linatuluka mu 1943. Pambuyo pake panabwera mapu a zomera ndi nthaka a dziko lonse, osiyanitsa nkhalango za miombo za kumtunda ndi mitsanya ya m'chigwa cha Luangwa. Boma linali ndi zolinga zakezake, tisanamizane. Komabe lipotilo linasonyeza kuti alimi aja, amene azungu ambiri ankawayesa mbuli, ankasankha minda yawo mwaluso.

Ntchito yake ina ikukhudza aliyense amene amayatsa tchire posaka mbewa. Ku Ndola, a zankhalango anagawa thengo m'zigawo: kwina ankatentha udzu usanaumitsitse, kwina mochedwa dzuwa litaswa mtengo, kwina osatentha n'komwe. Mu 1959 Trapnell anafalitsa zimene zinapezeka. Moto wochedwa, ukabwerezedwa chaka ndi chaka, unkapha miombo, pomwe moto woyambirira unkaisiya nkhalango ili chilili.

Atachoka ku Northern Rhodesia anakagwira ntchito ku Kenya. Zolemba za maulendo ake zinasindikizidwa ndi a kumunda wa zomera wa Kew ku England mu 2001, iye ali nkhalamba, ndipo anamwalira mu 2004. Chaka chotsatira, Patrick Phiri wa pa University of Zambia anatulutsa mndandanda wa zomera za dziko la Zambia, ntchito ya mwana wa m'dziko momwemo.

Pachikuto cha lipoti la 1943 pali dzina la Trapnell, ndipo ulemu umenewo ngwomuyenera. Koma zambiri zili m'katimo zinachokera pakamwa pa alimi. Ophunzira zaulimi a ku Lundazi, Lumezi ndi Chasefu apite kwa agogo amene akadali moyo, akafunse mayina a mitengo ndi nthaka imene imamerapo, alembe pamodzi ndi dzina la wowauzayo.