Nambala 10: Mthandizi wa Womwetsa Zigoli

M'makomboni a Lusaka, kuyambira ku Matero mpaka ku Chawama, ana akhala akusewera chimpombwa, mpira wa mapulasitiki omangidwa ndi zingwe, miyala iwiri ili golo. Ulemu unkapita kwa womwetsa. Koma magulu okhwima ankasunga wachiwiri kumbuyo kwake: wolandira mpira pakati, wokoka otchinga kumbuyo kuti mnzake apeze mpata, wolumphira mpira umene goloboyi walavula.

Kale, magulu ankaika osewera 5 kutsogolo. Brazil itapambana mu 1958 ndi 4-2-4, apakati kutsogolo anatsala 2, ndipo mmodzi wa iwo, Pelé, anatchukitsa nambala 10. Anthu a ku Matero ankaona kusinthaku pa Independence Stadium, ena akumvera woulutsa mpira Dennis Liwewe pa wailesi.

Ntchito ya mthandiziyu inaonekera bwino mu 2012, pa mpikisano wa chikho cha Africa. Hervé Renard, mphunzitsi wa Chipolopolo, timu ya Zambia, anaika Emmanuel Mayuka patsogolo, kaputeni Christopher Katongo akuzungulira pambuyo pake. Katongo anamwetsa Libya, Equatorial Guinea ndi Sudan. Chipolopolo itatenga chikho ku Libreville pa 12 February, iye ndiye anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisanowo.