Mawu a Njinga Yopanda Mabuleki

Pamene mdzukulu wanga, amene amakonza njinga zamoto pansi pa mtengo chakufupi ndi msika wa Mbare, anandiuza tsiku lina kuti njinga yopanda mabuleki ndi bokosi la maliro lodziyendera lokha, ndinazindikira kuti mawu amene ndawasunga m'kamwa kwa zaka zoposa 50 atsala pang'ono kupita nane kumasano. Pakuti mwanayo, ngakhale ali mmisiri wa dzanja labwino, anali asanamvepo kuti mumzinda uno munali masewera amene njinga yake ankaipanga dala yopanda mabuleki, ndi kuti agogo akewa anadyerapo nsima pa masewera amenewo.

Eni ake ankawatcha speedway, ife lilime litakana tinkangoti sipidiwe. Njingayo makolo athu ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu ankaitcha mthuthuthu, anansi athu Achishona nati mudhudhudhu, ndipo n'zokondweretsa kuti mitundu iwiri yosiyana malilime inatchera khutu ku chitsulo chimodzi n'kumva mawu amodzimodzi. Koma kunena zoona dzinalo silinkaiyenera njinga ya sipidiwe, chifukwa mthuthuthu weniweni ndi uja wa abambo a mishoni kapena wa mlangizi wa zaulimi, woyenda mofatsa ngati mkulu wopita ku milandu. Iyi inkabangula, ndipo zikabangula zinayi pamodzi usiku, mphepo ikakhala yochokera kumeneko, mkokomo wake unkafika mpaka m'malayini a Harari, amene lero timati Mbare.

Bwalo lake linali Glamis, m'kati mwa malo a chionetsero cha zaulimi mu Salisbury, mzinda umene akumudzi ankangouti Halale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kunali matimu atatu opikisana, Salisbury Monarchs, Bulawayo Warriors ndi Gwelo Eagles, ndipo ena mwa okwera ankachokera ku Britain, kuthawa chisanu cha kwawo pa miyezi imene mabwalo awo amakhala otseka. Ndisakunamizeni, inu owerenga, kuti amenewa anali masewera athu. Masewera athu anali mpira, nkhonya ndi gule. Awa anali a Azungu, ndipo m'dziko limene lamulo linagawa malo okhala motsata khungu, mwana wa mtchona sakanalota zokwera njinga yotero. Ife tinkalowa pa chipata cha antchito, leki ili paphewa, ndipo n'chifukwa chake mawu amene ndikuwafotokoza pano ndi a munthu amene ankaonera ataima pansi, fumbi likumulowa m'mano.

Liwu loyamba ndi bwalo lenilenilo. Si msewu wa phula wokhotakhota ngati uja wa ku Donnybrook, umene abale athu a ku Mabvuku ndi ku Tafara amamva phokoso lake ali m'makomo mwawo. Ndi njira yozungulira yooneka ngati dzira, ya mbali ziwiri zowongoka ndi makona awiri, yotalika mamita pakati pa 260 ndi 425 monga mwa malamulo a masiku ano, yothiridwa dothi la timiyala tosalimba. Mabwalo oyamba ku England ena ankathiramo phulusa la malasha. Okwera amazungulira kulowera kumanzere kokhakokha, ndipo popeza tayala lakumbuyo limataya dothi lonse kumpanda, ntchito yathu inali kulikokera m'kati ndi maleki pakati pa mpikisano ndi unzake, pamene ena ankathira madzi, pakuti dothi likauma kwambiri njinga imasowa pogwira, likanyowa kwambiri limamata m'maso mwa wotsalira m'mbuyo. Mkulu amene ankatiyang'anira, wochokera ku Mangochi, ankatapa dothi n'kulifumbata monga achitira mayi poyesa dongo la mbiya, ndipo likagwirana popanda kudontha madzi ankangogwedeza mutu nati, "Anyamata, lapsa."

Mpikisano umodzi umatchedwa hiti: okwera anayi, kuzungulira kanayi, zonse n'kutha m'kamphindi kamodzi kapena kupitirira pang'ono. Woyamba amalandira mapointi 3, wachiwiri 2, wachitatu 1, wachinayi amabwerera chimanjamanja. Akakhala matimu awiri, lililonse limatumiza okwera awiri, a pakhomo atavala zisoti zokutidwa ndi nsalu yofiira ndi yabuluu, alendo yoyera ndi yachikasu, kotero kuti ngakhale ife amene sitinkatha kuwerenga pepala la ndondomeko tinkadziwa kuti 5 kwa 1 ndiko kusesa, 3 kwa 3 ndiko kugawana pakati. Pamenepa pali luso lina limene anthu ambiri sankaliona: wokwera wanzeru akatsogola sathawa mnzake wa timu imodzi, koma amachepetsa liwiro n'kutseka njira yakunja kuti mnzakeyo atetezeke m'kati, ngati mbusa woperekeza mwana wang'ombe pa dambo la afisi.

Akulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo sindinaonepo malo ena pamene mwambiwu unavala thupi ngati pa geti. Geti si chitseko ayi. Ndi zingwe zansalu zotchedwa matepi, zopingasa bwalo, zimene zimakwera m'mwamba mwadzidzidzi woweruza akadina batani. Okwera anayiwo amandanda kuseri kwake, injini zikulira, chala chili pa kilatchi, maso ali pa chitsulo chokweza matepi. Wopupuluma n'kuwadula amachotsedwa mu hiti imeneyo. Wochedwa ndi kuphethira kumodzi kwa diso amadya dothi la anzake mpaka kumapeto, chifukwa kawirikawiri wofika woyamba pa kona yoyamba ndiye amapambana. Tinkati uje ali ndi geti, kutanthauza kuti amanyamuka bwino, ndipo panali ena opanda geti amene ankakondedwa koposa, chifukwa ankachita kulanda malo kuchokera m'mbuyo, akudutsa m'mphepete mwa mpanda pamene munthu wofuna kukalamba sangadutsepo.

Tsopano ndifike pa liwu limene lili mutu wa nkhani yonse, limenenso mdzukulu wanga linamuvuta kulimvetsa. Njinga ya sipidiwe ili ndi injini ya silinda imodzi ya 500cc, giya imodzi yokha, ndipo ilibe buleki kutsogolo kapena kumbuyo. Nanga munthu wothamanga makilomita oposa 100 pa ola akhota bwanji pa kona ya dothi? Yankho lake ndi lakuti sakhota monga tikhotera ife. Asanafike pa kona amapendeketsa njinga kumanzere, n'kuipatsa moto kuti tayala lakumbuyo lizungulire mopitirira mphamvu ya dothi, litaye pogwira, lithawire kunja. Pamenepo njinga imayenda chammbali, tayala lakutsogolo litaloza kumanja ngakhale ulendo uli wopita kumanzere, ndipo kukhula kwa matayala pa dothi ndiko kumagwira ntchito ya buleki. Azungu ankati broadside. Ife tinayamba ndi kunena kuti akuterereka, koma mkulu uja wa ku Mangochi anatidzudzula, nati kuterereka ndi ngozi ya munthu woponda pa ndere, pamene uyu akuchita dala ndipo akudziwa pamene adzathere. Tinayesa kutsetsereka, koma liwulo limafuna chitunda, ndipo bwalo linali lathyathyathya. Potsiriza tinagwirizana pa kulima, chifukwa tayala lakumbuyo linkatema nthaka n'kuiponya m'mbuyo ngati khasu la munthu wa ganyu amene walonjezedwa malipiro pa mzere, ndipo ndimakhulupirirabe kuti liwu lathuli linaposa la eni ake, popeza lawo limangonena mmene njinga yaimira, lathu limanena chimene ikuchita. Wamantha akatseka moto pakati pa kona, tayala limagwira mwadzidzidzi, njinga n'kuwongoka kulunjika kumpanda; chipulumutso chili pa kuwonjezera moto pa nthawi imene mtima ukuti chepetsa. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Mnzake wa liwu limeneli ndi nsapato yachitsulo, imene wokwera amamangirira kunsi kwa jombo ya phazi lamanzere lokha, kuti phazilo likhwekhwereze pansi pa kona ngati mwendo wachitatu wa mpando. Munthu wovala nsapatoyi akamayenda pa simenti amatsimphina, phazi lina lili phee, lina likuti ngwe, ngwe, ndipo anyamata tinkatsanzira kuyenda kumeneku m'malayini titamangirira chitini chophwanya kuphazi.

Kumene njinga zinkakonzedwa kunkatchedwa mapitsi, koma pakati pa ife tokha tinkati kudambwe, chifukwa kunali kotchinga, kosalowa munthu wamba, ndipo otulukako ankatuluka atabisa nkhope, atavala zikopa kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, n'kukatifula fumbi pabwalo pamaso pa khamu. Amene anaonapo gule ku Mufakose kapena ku Tafara andimvetsa popanda kuwonjezerapo. Kumeneko ndinaphunzira mayina a injini: JAP ya ku London, imene inalamulira masewerawa kwa zaka zambiri, ndi Jawa ya ku Czechoslovakia imene inailanda ufumu. Ndinaphunziranso kuti njinga ya giya imodzi amaisintha mphamvu pochotsa chitsulo chamano cha tcheni ku tayala lakumbuyo n'kuikapo china, chachikulu pa bwalo laling'ono, chaching'ono pa bwalo lalikulu. Ndi kuti ilibe chiliziro, kotero imafuna anyamata awiri oikankha mpaka itadzuka. Simamwa petulo koma methanol, mbale wake wa kachasu amene amayaka ndi lawi losaoneka bwino masana, ndipo tinkachenjezedwa kolimba kuti wolawa amachita khungu kapena kufa kumene.

Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri si mkokomo kapena kuwala kwa magetsi, ndi fungo. Mafuta ofewetsa injini zimenezi anali a nsatsi, omwe aja agogo athu ankakazinga, kusinja ndi kuwiritsa kuti adzoze ana ndi anamwali. Usiku woyamba nditabwerera kunyumba, mayi anga ananunkhiza malaya anga, nandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwanawe, wakudzoza nsatsi ndani m'tauni muno?" Nditawauza kuti ndi njinga za Azungu, anaseka mpaka kukhala pansi, nati, "Ndiye kuti nazonso zili ndi agogo awo." Iwo anachoka kumudzi ali mtsikana, kutsatira bambo amene anabwera pa lole ya Ulere, ndipo sanabwererenso, malayawo anachedwa kuwachapa.

Kunja kwa dziko lino masewerawa anali ndi mbiri yaitali. Ambiri amaloza ku West Maitland, ku Australia, mu 1923, ngati chiyambi chake. Anafika ku High Beech ku England mu 1928, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira pa Wembley mu 1936, nawina Lionel Van Praag wa ku Australia. Masiku athu dzina lalikulu linali Ivan Mauger wa ku New Zealand, amene anatenga ukatswiri wa dziko lonse kasanu ndi kamodzi pakati pa 1968 ndi 1979. Nawonso a kuno anawoloka nyanja: Peter Prinsloo anakakwerera matimu a ku England, ndipo Mike Ferreira, akukwerera Canterbury, anapambana mpikisano wa okwera a National League mu 1981, chaka chomwecho chimene Wembley inaona fainolo yake yotsiriza, imene anawina Bruce Penhall wa ku America pamaso pa anthu oposa 90,000.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kuno nkhondo itakula, anyamata okwera ndi oonera omwe ankaitanidwa ku usilikali, zipangizo zinkavuta kupeza chifukwa cha zilango zimene mayiko anaika pa boma la Ian Smith, malire a Mozambique anatsekedwa mu 1976, ndipo ufulu utabwera mu 1980 mabanja ambiri amene ankadzaza mipando anasamukira ku South Africa ndi kwina. Masewera amene sanalole mizu yake kulowa m'malokeshoni analibe wowalandira eni ake atachoka, ndipo pamenepa sindiimba mlandu nkhondo yokha: akanatiphunzitsa kukwera m'malo mongotiphunzitsa kukankha, bwenzi lero Highfield ndi Mabvuku zili ndi matimu. Ngakhale ku England komweko mabwalo otchuka anasiya sipidiwe limodzilimodzi, West Ham mu 1972, Hyde Road ya Belle Vue mu 1987, Wimbledon mu 2005, malo ake ambiri n'kumangidwapo nyumba ndi malonda, ndipo mtima wa masewerawa tsopano uli ku Poland.

Glamis ilipobe, ndipo anthu amapitako kukamvera oimba ndi kukaona chionetsero cha zaulimi. Mdzukulu wanga nditamufotokozera za kulima, anatenga sipanala n'kujambula dzira pa dothi, nayendetsa chala chake pa kona kawiri katatu, kenaka anati, "Agogo, ndiye kuti buleki yake ndi moto womwewo?" Ndinamuuza kuti wakhoza, ndipo anabwerera ku njinga imene ankaimanga mabuleki.

Inu a ku Mbare, ku Mufakose, ku Dzivarasekwa ndi ku Mabvuku, amene bambo kapena malume anu anagwirapo leki pabwalo lija: mukapeza m'sutikesi yawo chitsulo chopindika ngati chikhatho, chodyeka mbali imodzi, chokhala ndi lamba wachikopa, musachipereke kwa ogula zitsulo zakutha. Ndi nsapato ya phazi lamanzere.