Akakulipirire ndani? Mbiri ya fizi ndi mpamba kwa Kachindamoto

Tsiku limene dzina langa linatuluka pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku yunivesite, aliyense pakhomo analulutira kupatula agogo aakazi. Iwo anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Nanga akakulipirire ndani, mwanawe?" Zinandipweteka. Koma chiyambire kuphunzira mbiri, ndazindikira kuti funso limeneli ndi lakale kuposa agogowo. Kwathu kwa Kachindamoto, kuyambira ku Golomoti kudutsa pa Mua mpaka ku Mtakataka, m'badwo uliwonse wakhala ukulifunsa kwa zaka zoposa 120. Amene wakhala akusintha ndi wolipirayo.

Wolipira woyamba anali mpingo. Ansembe a chipani cha White Fathers atakhazikitsa mishoni ya Mua mu 1902, sukulu inabwera limodzi ndi tchalitchi. Mwana amene wansembe wamuona kuti ali ndi mutu ankatha kupitirira n'kukhala katekisiti, mphunzitsi kapena kulowa seminale. Thandizolo linali lenileni, koma khomo lake linali lopapatiza, ndipo woloza njira anali wothandizayo. Boma la atsamunda linachedwa kulowererapo. Sekondale ya Blantyre inatsegulidwa mu 1940, ya Akatolika ya ku Zomba mu 1942, ndipo ya Dedza, yomwe ili m'boma lathu lomwe, inabwera mu 1951. Mwana wa kuchigwa kuno akafika kumeneko, mudzi wonse unkadziwa dzina lake.

Amene sanagwidwe dzanja ndi mishoni ankadalira thukuta la makolo. Ena ankagulitsa thonje, ena nsomba, ena ankadikira kangachepe kochokera kwa bambo kapena malume amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Njira imeneyi inadukiza mu 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo kuchokera ku migodi, Dr Kamuzu Banda n'kuimitsa zolemba anthu ntchito kumeneko. Agogo amanena kuti m'mabanja ena chaka chimenecho ana anasiyira panjira sukulu, chifukwa amene ankatumiza fizi anabwerera kumudzi manja ali m'khosi.

Dziko litalandira ufulu, wolipira anakhala boma. University of Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965 ndi ophunzira 90 okha. Amene walowa ankadya, kugona ndi kuphunzira ndi ndalama za boma. Akuluakulu amakonda kutiuza za masiku amenewo ngati nthano ya paradizo, koma amaiwala kutchula kuti anthu 90 sadzaza ngakhale tchalitchi cha pa Mua. Achinyamata ena ambiri ankakaphunzira ulimi ndi ntchito zamanja ku mabesi a Malawi Young Pioneers, komwe luso linkabwera limodzi ndi ndale za chipani. Gululi litathetsedwa mphamvu mu 1993, maphunziro akenso anathera pomwepo.

M'nyengo yomweyo pa Mua panachitika chinthu chimene ndikuona kuti sitichiyamikira mokwanira. Mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, anayambitsa malo a Kungoni, n'kusonkhanitsa anyamata oti aziphunzira kusema ziboliboli. Sanawapatse ndalama m'manja n'kuwauza kuti akadzionere okha. Panali mphunzitsi, panali zida ndi malo ogwirira ntchito, ndipo panali ogula: matchalitchi ofuna zosema ndiponso alendo obwera kudzaona nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare. Wophunzira dzulo ankasanduka wophunzitsa anzake. Mawu oti kuphunzitsa achinyamata bizinesi anali asanatchuke, koma mabanja ankalipira fizi ndi sompho ndi tchizulo. Luso, zida ndi msika zinali pabwalo limodzi.

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana oposa miliyoni imodzi anakhamukira m'makalasi m'chaka chimodzi. Funso la agogo silinathe, linangosunthira ku sekondale. Kumeneko n'kumene atsikana ambiri a kwathu ankathera, chifukwa banja losowa fizi linkaona ukwati ngati mpumulo. Mayi Theresa Kachindamoto, amene anagwira ntchito ya ulembi ku koleji ya zaubusa ku Zomba kwa zaka 27, atalongedwa ufumu mu 2003 anayamba kuthetsa maukwati a ana n'kuwabweza kusukulu. Dziko lonse linawaombera m'manja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18. Chimene ambiri samatchula n'chakuti mfumuyi nthawi zina inkapisa m'thumba mwake kapena kupempha akufuna kwabwino kuti atsikanawo alipiridwe fizi. Kumuchotsa mwana ku banja kunkatheka tsiku limodzi, koma fizi inkafunika teremu iliyonse.

Ku yunivesite nako zaulere zinatha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 ophunzira anayamba kusonkhapo, ndipo wosowa ankapatsidwa ngongole. Vuto linali lakuti ambiri mwa amene anatenga ngongolezo, kuphatikizapo ena amene anadzakhala mabwana m'maofesi, sanabweze. Mu 2015 panakhazikitsidwa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, loti lizikongoza ophunzira osowa komanso kulondola ngongole zakale. Ine ndikuphunzira ndi ngongole imeneyi, ndipo popanda iyo bwenzi ndikupirikitsa mbalame m'munda wa mpunga ku Bwanje. Komabe ngongoleyi imathandiza munthu amene wawoloka kale mtsinje. Amene MSCE inamukanika, kapena anakhoza koma osasankhidwa, ilibe naye gawo.

Kwa oterewa boma lakhala likulonjeza zinthu ziwiri: luso ndi mpamba. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo olemba anthu ntchito amasonkha ndalama zoyendetsera maphunzirowo. Mu 2015 anayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja a m'madera. Kumbali ya mpamba, maina akhala akusinthana ngati malaya: MARDEF mu 2005, thumba la achinyamata la YEDF mu 2010, MEDF mu 2014, kenako NEEF mu 2020. Nkhani imene yakhala ikubwerezedwa m'manyuzipepala ndi ku Nyumba ya Malamulo ndi imodzi, yakuti ngongole zambiri sizibwezedwa, chifukwa olandira ena ankaziona ngati mphatso ya ndale. Thumba likauma, amene wabwera m'mbuyo amapeza mulibe kanthu, kenako thumbalo limapatsidwa dzina latsopano.

Msuweni wanga ndinalemba naye MSCE chaka chimodzi. Iye sanasankhidwe. Anaphunzira kuwotcherera zitsulo kwa mmisiri wina pa Golomoti, n'kukhala zaka ziwiri ali ndi luso koma wopanda makina. Anzake ena anapeza ngongole opanda luso lililonse, n'kugula mafoni ndi nsapato. Chimene chinamudzutsa ndi banki m'khonde ya amayi ake. Amayi a gululo anamukongoza pang'ono, anabweza, anamuwonjezera, ndipo lero akupanga mafelemu a zitseko ndi mawindo. Sakanayerekeza kuthawa ndi ndalamazo, chifukwa eni ake amakumana nawo pa mjigo ndi pamaliro.

Ndikayang'ana zaka zonsezi, thandizo limene lakhalitsa kwathu lili ndi zizindikiro ziwiri. Choyamba, silimulekanitsa munthu ndi zida komanso msika, monga zinalili ku Kungoni. Chachiwiri, wolandira amadziwa kuti ndalamazo zili ndi mwini, ndipo pali mnzake amene akuzidikira. Thandizo lodalira mtima wa munthu mmodzi, kaya wansembe, mfumu kapena phungu, limapita limodzi ndi munthuyo. Thandizo lobwera nyengo ya kampeni limatha mavoti akangowerengedwa.

Ife ophunzira timadziwa kudandaula ngongole ikachedwa, ndipo n'zoona kuti njala ya pa koleji si yocheza. Koma ndamvapo anzanga ena akunena poyera kuti sadzabweza, ati ndi ndalama za boma. Amenewa akubwereza zomwe anachita amene anatitsogolera, zomwe zachititsa kuti ifeyo tizilimbirana kochepa. Kupatsa n'kuika, ankatero makolo, ndipo wobweza ngongoleyi akuikira mng'ono wake.

Tchuthi chathachi ndinapeza mwana wa achemwali anga, amene ali Fomu 3, akuwerenga pakhonde. Agogo anali pamkeka chapafupi akusola thonje. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mtsikanayo, osanena kanthu. Ulendo uno funso lija ankafunsa ine.